Koloko Yotsalira Maola Awiri

Tiyanjane, Masauso ndi iwe Limbikani, za ubwana wanga ku Katete sindilembapo. Ng'ombe zimene ndinaweta zinali ngati ng'ombe zina zonse. Chimene ndikufuna mudziwe ndi ntchito imene inakulerani, ndi chifukwa chake amalume anu a Sakala anasiya kuponda pakhomo pathu. Amayi anu ankakuuzani kuti kunali kusamvana kwa akuluakulu. Ankandibisira manyazi. Zoona zake n'zakuti nyumba ya amalume anu inagwa, ndipo pa tsiku limene ndikanatha kuipulumutsa ndinakhala pa benchi nditatseka pakamwa. Papita zaka zambiri, koma ndikulemba izi mtima ukutentha, ndipo mudzaona nokha kuti ukali wangawu sukupita kwa munthu mmodzi.

Chaka chimene ndinakwera phiri

Ndinafika ku Kafue kutsatira akulu anga amene ankagwira ntchito ku njanji. Anzanga onse ankathamangira ku mafakitale, koma ine ndinali nditakhoza bwino masamu, ndipo ofesi ina ya boma inanditumiza ku kanyumba ka konkire pamwamba pa phiri, kuseri kwa tauni. Anandiuza kuti ndikakhala womvera zivomezi. Akulu anga anaseka mpaka kutsamwa nshima. Anati boma landilemba ntchito yogona.

Pansi pa kanyumbako panali chipinda chokumbidwa mpaka pa thanthwe, ndipo pa thanthwepo panali makina omvera nthaka. Waya unkachokera pamenepo kukwera ku mgolo wokulungidwa pepala, umene unkazungulira pang'onopang'ono osaima, singano ya inki ikulemba mzere. Nthaka ikakhala chete, mzere unkawongoka. Ikagwedezeka, ngakhale kutsidya kwa nyanja zamchere, singano inkavina. Mkulu wa pamalopo anali Ba Mulenga, Mbemba wamfupi wosuta kaliyo, amene sankalola munthu kulowa ndi nsapato. Tsiku loyamba anandifunsa kuti wotchi yanga ikuti bwanji. Ndinati 9 koloko. Analoza koloko yaikulu ya pa khoma, imene inkati 7. Ine ndi nzeru zanga za kusukulu ndinati koloko yawoyo yatsalira, ndipo ndikhoza kuwakonzera. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Shani iwe, ufuna kukonza dziko lonse pa tsiku loyamba? Masitesheni onse pa dziko alemba nthawi imodzi. Yathu ya Zambia ili patsogolo na maola awiri. Ukalowa muno, nthawi ya kunyumba uisiye pakhomo pamodzi na nsapato."

Zinatenga sabata kuti zilowe m'mutu mwanga, koma zitalowa sizinatulukemo. Chivomezi chimodzi chimamveka ku masitesheni ambiri, apafupi msanga, akutali mochedwa. Aliyense akatumiza mphindi ndi kamphindi kamene singano yake inayamba kuvina, anthu a ku likulu la ntchitoyi ku Ulaya amayerekezera nthawizo, n'kupeza pamene nthaka inang'ambika. Aliyense akadalemba nthawi ya kwawo, zonse zikanakhala phala. Choncho m'mawa uliwonse ndinkasintha pepala, kutsegula wailesi kumvera kulira kosonyeza nthawi kuti ndione ngati koloko yathu yasokonekera, kenaka kukhala pansi ndi lula yoyezera ndi galasi lokulitsa, kuwerenga mizere ya dzulo. Zimene ndapeza zinkapita pa telekisi, makina otumizira mauthenga pa waya, ku ofesi yathu ya ku Lusaka, kuchoka kumeneko ku Ulaya. Pakapita zaka ziwiri kunkabwera buku lochindikala la zivomezi zonse za pa dziko, ndipo pakati pa manambala ang'onoang'ono tinkapeza zilembo zitatu zoimira sitesheni yathu. Ba Mulenga ankanyowetsa chala ndi malovu, kufufuza tsamba ndi tsamba, akazipeza n'kundimenya pa msana. Ndinkanyadira, sindikana. Pamene ndinkafunsira amayi anu mbeta ndinakwera nawo phirilo, kuwaonetsa koloko ija, n'kuwafotokozera za maola awiri ngati kuti ndinawapanga ndine.

Koma si chilichonse chovinitsa singano chili chivomezi. Sitima ya katundu ili ndi kalembedwe kake, mphepo ya mkuntho kake, ng'ombe zikamadya pafupi kake. Kuseri kwa phiri lina, kumbali ya komboni ya Nangongwe, kunali mgodi wa miyala umene nthawi imeneyo unali wa boma, ndipo akaphulitsa singano inkalumpha. Ba Mulenga anandiphunzitsa kuzindikira: kuphulitsa kumayamba ndi kukankhira singano m'mwamba nthawi zonse, kumafa msanga, ndipo kumabwera pa ola limodzimodzi, pamene antchito apita kukadya. Chivomezi sichidziwa nthawi ya chakudya. Lamulo lawo linali lakuti pa pepala ndiike mtanda wa pensulo yofiira, ndipo pa mapeto a mzere wa telekisi ndiwonjezere mawu onena kuti uku kunali kuphulitsa miyala. Ankati a ku Ulaya sadziwa kuti kuseri kwa Nangongwe kuli mgodi, ndipo tikapanda kuwauza adzalemba chivomezi, bodza lija n'kukhala m'buku ife titafa kale. Ndinachita zimenezi zaka zoposa khumi ndi zisanu osaphonya.

Boma litasintha

Ba Mulenga anapuma ntchito kutatsala pang'ono kuti zipani zichuluke, n'kubwerera kwawo kumpoto. Ndinatsala ndekha pa phiri. Kenaka inafika nthawi imene mukuikumbuka pang'ono, pamene chilichonse chinali ndi mtengo wake pamphumi: mafakitale, nyumba za kampani, magalimoto, ngakhale mipando ya m'makalabu. Anthu amene ndinkapemphera nawo ankadzuka m'mawa n'kupeza geti la fakitale lili ndi loko. Kafue inakhala tauni ya amuna oimirira pa mphambano ndi manja m'matumba.

Ku Lusaka anatiikira bwana watsopano, Ba Zimba. Anali munthu wa kwathu kum'mawa, wophunzira kunja, wonunkhira bwino. Ndinasangalala, ine chitsiru, poganiza kuti wa kwathu adzatimva. Pa zaka zawo zonse anakwera phiri kawiri kokha, ndipo maulendo onse awiri analowa ndi nsapato. Pepala linayamba kusowa. Ndinkalemba mbali zonse ziwiri, inki n'kumaisungunula ndi madzi mpaka mzere kuoneka ngati wa munthu wodwala. Batire linafa, ndiye magetsi akazima mgolo unkaima, ine n'kumauyang'ana. Ndinalemba makalata asanu ndi imodzi. Yankho linabwera limodzi, ndipo silinali la pepala kapena batire. Linati telekisi yadula, kuyambira tsopano titumize manambala okha, mawu owonjezera pa mapeto a mzere asiyidwe.

Apa ndiye pamene ndinalakwa koyamba. Ndinadziwa bwino lomwe chimene mawu amenewo ankateteza. Ndinadandaula kwa amayi anu pa chakudya, ndinatukwana pang'ono, m'mawa mwake n'kumvera. Mtanda wofiira ndinapitiriza kuika pa mapepala anga, koma mapepalawo ankatsala mu kabati pa phiri. Chimene chinkawoloka nyanja chinali manambala opanda mawu.

Miyezi yomweyo mgodi wa miyala unagulitsidwa. Eni atsopano anabwera ndi changu cha munthu amene akudziwa kuti sakhalitsa. Kale ankaphulitsa pang'onopang'ono. Awa ankabowola phiri sabata yonse, n'kuphulitsa kamodzi, kwakukulu, moti singano yanga inkamenya m'mphepete mwa pepala, ndipo masitesheni a m'maiko oyandikana nawo ankamva. Ku Nangongwe mbale zinkagwa pa mashelefu. Amalume anu a Aliki Sakala, mlongo wa amayi anu, anali atangochotsedwa ku njanji patatha zaka makumi awiri akulumikiza mabogi a sitima. Zonse zimene anawapatsa pochoka anaziika m'nyumba ya zipinda zinayi kumapeto kwa Nangongwe, moyang'anana ndi mgodi. Njerwa anaumba okha. Khonde analipaka polishi wofiira, ndipo Lamulungu lililonse tikachoka ku tchalitchi tinkakhala pamenepo. Mng'alu woyamba unatuluka pamwamba pa zenera la chipinda chogona, wopyapyala ngati ulusi. Chaka chisanathe munthu ankalowetsamo dzanja.

Tsiku lina galimoto ya kampani ya mgodi inakwera phiri, itanyamula mipukutu ya pepala, mabotolo a inki ndi mabatire awiri atsopano. Manijala wa mgodiwo anati Ba Zimba anawauza za mavuto athu, ndipo kampani ikufuna kuthandiza sayansi. Ndinatsitsa katunduyo ndi manja anga, ndinawomba m'manja, ndinathokoza mpaka kugwada pang'ono. Ndikakumbukira kugwada kumeneko ndimafuna kulavula.

Chilimwe cha msonkhano

Anthu a ku Nangongwe anadandaula kwa zaka ziwiri. Achinyamata a matchalitchi atsopano ankazungulira nyumba kudzoza makoma mafuta, akulalikira kuti nthaka ikugwedezeka chifukwa dziko latsala pang'ono kutha. Amalume anu analibe nazo nthawi zimenezo. Anali munthu wa njanji, wokhulupirira wotchi. Nthawi iliyonse nyumba ikagwedezeka ankayang'ana pa mkono n'kulemba tsiku ndi ola m'kabuku. Ndi kabuku kameneko anayenda ku boma mpaka akuluakulu anatopa nawo, n'kuitanitsa msonkhano pa bwalo la sukulu. Nkhani inali imodzi: zikatsimikizika kuti makoma akung'ambika ndi kuphulitsa, kampani ichepetse mabomba ake ndipo ikonze nyumba mvula isanabwere.

Ba Zimba anabwera kudzanditenga ndi galimoto. M'njira anandiuza, akuyang'ana kutsogolo, kuti pa tebulo pawo pali mndandanda wa anthu ochotsedwa ntchito, ndipo sanamalize kuulemba. Anati ku msonkhano ndiyankhe zokhazo zimene ndafunsidwa. Sindinadziwe chimene akutanthauza mpaka tinafika.

Amalume anu anawerenga kabuku kawo bwinobwino, tsiku ndi tsiku, ndipo paliponse ola linali limodzi, 12:30. Anthu anavomereza. Kenaka manijala anaimirira, waulemu, akumwetulira. Anati n'zoona kampani imaphulitsa 12:30, ndipo ili ndi chilolezo, koma mabomba ake ndi aang'ono, phokoso chabe. Anatulutsa masamba ojambulidwa kuchokera m'buku lija la ku Ulaya, limene linali litangofika, pamodzi ndi kalata yosainidwa ndi Ba Zimba. Anati akatswiri a dziko lonse alemba kuti pa masiku omwewo amene a Sakala awerenga, pa Kafue panachitika zivomezi. Anawerenga masikuwo, ndipo anali omwewo ndithu. Anawerenga ola: 10:30. Anati mwaona, chivomezi chinkadutsa maola awiri kampani isanaphulitse, ndiye kampani ilipire bwanji zimene wachita Mulungu? Mayi wina anati pa 10:30 sanamvepo kanthu. Manijala anayankha kuti makina amamva zimene munthu samva, ndipo khoma nalonso limamva.

Ana anga, mvetsetsani. 10:30 ya m'buku ndiyo 12:30 ya pa mkono wa amalume anu. Zinali kuphulitsa komweko, mphindi yomweyo, kolembedwa ndi dzanja langa pa koloko yotsalira maola awiri, kopanda mawu aja amene ndinasiya kutumiza. Pa bwalo lonselo anthu odziwa zimenezi tinali awiri, ine ndi Ba Zimba. Iwo anaphunzira kunja, ankazidziwa kuposa ine. Anakhala pa mpando atapinda mwendo, akupukuta magalasi.

Mkulu wa ku boma amene ankatsogolera msonkhano anafunsa ngati munthu wolemba manambalawo alipo. Manijala anandiloza, n'kuti ndi mnansi wanu yemwe, Ba Daka. Mitu yonse inatembenuka.

"Ba Daka, manambala aya ni anu?"

"Ni anga."

"Makina anu ananama?"

"Iyai, makina sananame."

Anadikira pang'ono, ine osawonjezera kanthu. Amalume anu anali ataimirirabe, kabuku m'manja. Anati, motsitsa mawu, "Alamu, kambani." Ndinaganiza za inu atatu, za nyumba ya boma imene tinkakhala, za amuna aja a pa mphambano. Ndinayang'ana nsapato zanga. Mkulu uja anati makutu a anthu si umboni pamene pali pepala la akatswiri, n'kutseka msonkhano.

Masabata otsatira

Amayi anu sanakuwe. Anandiikira nshima pa tebulo n'kupita kukadya nanu ku khitchini, masiku atatu. Tsiku lachinayi, akuchotsa mbale, anati, "Koloko ija munanionetsa mweka, tikalibe kukwatirana. Munakamba monyada kuti ili kumbuyo na maola awiri. Mwaiwala imwe, ine sininaiwale." Anatuluka ndi mbalezo.

M'mawa mwake ndinapita kwa mkulu uja wa ku boma, n'kumufotokozera zonse. Anandimvera akuyasamula. Anati ndinali ndi mpata pa msonkhano, nkhani inatsekedwa, ndipo pepala limagonjetsedwa ndi pepala linzake, osati ndi munthu amene wasintha maganizo. Ndinapita kwa amalume anu. Azakhali anu anatuluka n'kundiuza kuti kulibe, njinga yawo ili pa khonde. Ndinakwera minibasi kupita ku Lusaka.

Ba Zimba anandisiya pa benchi mpaka masana. Nditalowa ndinawauza kuti tiyenera kulembera ku Ulaya kuti akonze buku, ndiponso kulembera ku boma za maola awiri. Anandifunsa ngati ndadya. Kenaka anati dziko lasintha, sitesheni yopanda wothandiza imatsekedwa, ndipo a ku Ulaya ali ndi zivomezi zenizeni zopha anthu, alibe nthawi ya makoma a ku Nangongwe. Ndinati bukulo lili ndi bodza, ndipo bodzalo lili ndi zilembo za sitesheni yathu.

"Daka, pepala lamene ulembapo manje ni la ndani? Batire ni ya ndani? Ngati ufuna chilungamo, uzalemba pa mchenga."

Ndinawauza kuti Ba Mulenga sakanalola. Anaseka, n'kuti Ba Mulenga akulima chinangwa. Ndikutuluka anandiuza kuti Lachisanu kubwera galimoto kudzatenga mapepala onse akale a mu kabati, kuti akasungidwe bwino ku Lusaka.

Ndinadziwa kusungidwa kwake. Ndinali ndi masiku atatu. Malamulo a ntchito yathu anali omveka: kutulutsa pepala la boma pa sitesheni popanda chilolezo, kapena kulembera kunja modumpha bwana, ndi mlandu wochotsedwa nawo ntchito. Sindikuuzani kuti ndinalimba mtima nthawi yomweyo. Lachitatu m'mawa wonse ndinakhala pa sitepe ya kanyumbako, ndikuyang'ana tauni pansi, machumuni osatuluka utsi, mtsinje ukunyezimira. Tiyanjane, unali utangosankhidwa kupita ku sekondale. Chimene chinandidzutsa ndi 12:30. Phiri linagunda pansi pa matako anga, fumbi linakwera kuseri kwa Nangongwe, ndipo nditalowa ndinapeza singano ikuvinabe, koloko ya pa khoma ikuti 10:30. Ndinatsegula kabati.

Ndinasankha mapepala onse a mtanda wofiira kuyambira pamene mawu anasiyidwa, n'kuwakulunga m'thumba la ufa. Ndinatsika nawo pa njinga, masana dzuwa likuswa mtengo, kuti aliyense wofuna kuona aone. Kalata ya ku Ulaya ndinailemba katatu, chifukwa Chingerezi changa chimathawa ndikakwiya. Ndinalemba masiku onse ndi maola, ndinafotokoza kuti kunali kuphulitsa miyala, ndinavomera kuti ndine amene ndinasiya kuwauza. Ndinaikamo mapepala atatu kuti adzionere okha kulumpha kwa singano. Amayi anu ndiwo anagula masitampa, ndi ndalama za mandasi awo.

Galimoto inabweradi Lachisanu. Patapita mwezi amayi anu anabwera kuchokera ku msika ndi tinsomba ta kapenta tokulungidwa m'pepala la mizeremizere. Ndinalitambasula. Linali la zaka zanga zoyamba, lili ndi manambala a dzanja la Ba Mulenga pakona. Ntchito ya zaka makumi awiri anaigulitsa pa kilo kwa amayi a mu msika. Ndinatuluka panja, chifukwa mawu amene anali m'kamwa mwanga sanali oti ana amve.

Dzinja limenelo

A ku Ulaya anayankha, koma anthu aulemu aja anayankhira ku ofesi ya ku Lusaka, kuthokoza bwana chifukwa cha wantchito wake wosamala. Anati adzafufuza ndi masitesheni ena, ndipo zikagwirizana adzasindikiza kukonzako m'buku lotsatira. Sabata yomweyo dzina langa linamaliza mndandanda wa Ba Zimba. Sananene za kalata, anangolemba kuti sitesheni yatsekedwa chifukwa cha kusintha kwa kayendetsedwe ka ntchito. Kampani inatumiza galimoto kudzatenga mabatire ake. Ndinaimitsa mgolo ndi dzanja langa, ndinatseka chitseko, makiyi n'kupereka kwa dalaivala. Tinachoka m'nyumba ya boma kupita ku zipinda ziwiri zija mukuzidziwa, ine n'kuika tebulo pa khomo la msika, kukonza mawotchi ndi mawailesi.

Mvula inabwera yambiri chaka chimenecho. Madzi analowa m'ming'alu, ndipo tsiku lina masana khoma la kuchipinda kwa amalume anu linagwa, denga n'kutsatira. Palibe anafa, Mulungu anachita chifundo. Azakhali anu anali panja akuchapa. Koma makina awo osokera anaphwanyika, bedi, kabati, zonse. Ndinathamangako. Amalume anu ankatola malata pamodzi ndi anansi, ndipo nditagwira mbali ina ya lata anaisiya mbali yawo, n'kupita kukatola china. Mwezi wotsatira anagulitsa malowo n'kusamukira ku Chanyanya, kukayamba kugula nsomba kwa asodzi ndi kuzitengera ku tauni pa njinga, munthu wa zaka zoposa makumi asanu.

Patapita zaka ziwiri

Envulopu inandipeza pa tebulo langa la mawotchi. Munthu wina ku likulu lija anali atasunga adiresi imene ndinalemba kumbuyo kwa kalata yanga. Munali tsamba limodzi losindikizidwa. Masiku onse anali pamenepo, ndipo pa mzere uliwonse analemba kuti sichinali chivomezi, kunali kuphulitsa miyala, malinga ndi womvera wa pa sitesheni ya pafupi. Ndinapita nalo ku boma. Mkulu uja anali atasamutsidwa. Mgodi unali utagulitsidwanso kwa anthu ena, a dzina lina, amene anati za eni akale sakuzidziwa. Ba Zimba anali atakwezedwa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anachita manyazi, ndipo mpaka lero ndikamva munthu pa wailesi akutamanda zaka zimenezo ndimazimitsa.

Loweruka ndinapalasa njinga kupita ku Chanyanya. Ndinawapeza amalume anu pa doko, pakati pa mabwato, akumanga dengu la nsomba pa kaliyala ya njinga. Anali ataonda, tsitsi lonse loyera, koma wotchi ya njanji inali pa mkono. Ndinapereka moni, anayankha. Ndinawapatsa tsambalo, n'kuyamba kufotokoza za koloko, za telekisi, za Ba Zimba, za kalata yanga, za ntchito imene ndinataya. Ndinalankhula nthawi yaitali. Iwo anapukuta manja pa buluku, anatulutsa magalasi, n'kuwerenga mzere uliwonse ndi chala, monga ankawerengera kabuku kawo. Atamaliza anandifunsa ngati maola awiriwo ndinkawadziwa pa tsiku la msonkhano. Ndinati ndinkawadziwa.

"Alamu, ntchito munataya ndithu, namva. Koma munaitaya mochedwa na sabata imodzi. Pepala ili layenda zaka ziwiri kuti likambe zamene mukanakamba muli chiimire, mvula ikalibe kugwa."

 Anafunsa za amayi anu, anafunsa za inu mmodzimmodzi. Kenaka anasankha nsomba ziwiri zazikulu m'dengu, anayang'ana uku ndi uku kufuna chokulungira, n'kuzikulunga m'tsamba lomwelo. Anandipatsa ndi manja awiri, n'kuti ndikapatse mlongo wawo.

Nsombazo munadya inu, simunadziwe. Tsambalo ndinaliyanika pa dzuwa. Lili m'sutikesi yakuda pansi pa bedi, pamwamba pa thumba la ufa lija la mapepala a mtanda wofiira. Lili ndi banga la mafuta pakati, koma manambala amawerengeka. Mukadzaliwerenga, muwonjezere maola awiri.